Mmene mungaunikire nambala yaikulu: tiyeni tiiphwanye 800,264

Kalembera wa mu Seputembala 2018 anapeza kuti mumzinda wa Blantyre munali anthu 800,264. Ambiri nambala ngati imeneyi amangoiwerenga n'kudutsa. Ine ndine mphunzitsi wa masamu, ndipo nambalayi ndimaikonda chifukwa ndi yabwino kwambiri pophunzitsira munthu kuunika nambala zikuluzikulu. Poyamba imafewa, pakati imauma mutu, koma wopirira imamupatsa mayankho okongola. Ndimaipereka kwa ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 amene amabwera kwathu ku Ndirande Loweruka m'mawa, ndipo lero ndikufuna ndiyende nanu njira yomweyo, kuti mawa mukatenga nambala ina iliyonse, kaya ya mita yanu ya madzi kaya ya pa lisiti la kubanki, mudziwe poyambira.

Langizo langa lalikulu ndi ili: musathamangire kufunsa kuti nambalayi ndi ya gulu liti. Yambani mwaiphwanya mpaka mupeze ma prime amene anaipanga. Mukawapeza, mafunso enawo amayankhika pa mzere umodzi kapena iwiri. Mukalumpha ntchito imeneyi mudzangovutika ndi kuyerekeza.

Konzani kope la masamu la timabokosi lija, pensulo ndi kalikuleta. Ya pafoni ikwanira. Mawu awiri okha ndi amene muyenera kuwagwira bwino. Factor ndi nambala yomwe imalowa mu inzake osasiya chotsala, monga 3 mu 12. Prime ndi nambala yoposa 1 yomwe factor wake ndi 1 ndi iyo yokha basi, monga 2, 3, 5, 7, 11, 13. Ma prime ali ngati njerwa: nambala ina iliyonse inamangidwa ndi iwo, ndipo nambala iliyonse ili ndi kamangidwe kamodzi kokha. 60 ndi 2 × 2 × 3 × 5, ndipo palibe ma prime ena amene mungawachulukitse n'kupeza 60. Maziko a mfundo imeneyi ali kale m'mabuku a Euclid, yemwe ankaphunzitsa ku Alexandria zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe.

Yambani ndi maso, kalikuleta ibwere pambuyo

Onani dijiti yomaliza. Yathu ikuthera ndi 4, choncho 2 alowa. Sikuthera ndi 0 kapena 5, choncho 5 ndi 10 tawachotsa kale. Kuti mudziwe za 4, onani madijiti awiri omaliza: 64, ndipo 4 mu 64 alowa ka 16. Za 8, onani atatu omaliza: 264, ndipo 8 × 33 ndi 264 ndendende. Izi si matsenga. 8 amalowa mu 1,000 ka 125, choncho masauzande onse a nambala iliyonse ndi ogawika kale ndi 8, chongotsala kuyesa ndi kachidutswa ka kumapetoko. Nanga 16? Onani madijiti anayi omaliza, 0264. 16 mu 264 alowa ka 16 n'kutsala 8. Ndiye 16 salowa, ndipo tadziwiratu kuti 2 alimo katatu kokha.

Tsopano phatikizani madijiti onse: 8 + 0 + 0 + 2 + 6 + 4 = 20. 3 salowa mu 20, 9 salowanso, choncho onse awiri salowa mu 800,264. Apa mwachotsanso 6, 12, 15, 18 ndi nambala ina iliyonse yomwe ili ndi 3 m'kati mwake. 20 ameneyu musamufufute, timufunanso kutsogoloku.

Pali njira ina imene mabuku ambiri a kusekondale saitchula, koma ine ndimaiona yofunika kuposa zinzake chifukwa imayesa ma prime atatu nthawi imodzi. 7 × 11 × 13 = 1,001. Chifukwa cha ichi, mutha kuidula nambala yanu m'magulu a madijiti atatuatatu kuchokera kumapeto, n'kumachotsera ndi kuphatikiza mosinthanasinthana. Kwa ife magulu ndi awiri, 800 ndi 264. Kusiyana kwawo ndi 536. 7 mu 536 atsala 4, 11 atsala 8, 13 atsala 3. Onse atatu salowa. Mwayesa nambala ya madijiti sikisi pogwiritsa ntchito ya madijiti atatu.

Gawani tsopano ndi 2 katatu:

800,264 ÷ 2 = 400,132
400,132 ÷ 2 = 200,066
200,066 ÷ 2 = 100,033

Tatsala ndi 100,033, ndipo ntchito yeniyeni yayambira pano.

Pomwe ambiri amagwera ulesi

100,033 imaoneka ngati prime. Ndi ya odd, sikuthera ndi 5, madijiti ake akaphatikizidwa akupanga 7, ndipo njira ya 1,001 ikupereka 100 − 33 = 67, momwe 7, 11 ndi 13 salowamo. Koma maonekedwe si umboni. Muyenera kuyesa ma prime mmodzimmodzi, ndipo funso loyamba ndi lakuti mudzalekera pati.

Malire ndi square root, kutanthauza nambala yomwe mukaichulukitsa ndi iyo yomwe mumapeza nambala yanuyo. Ngati nambala ili ndi ma factor awiri amene akuchulukitsana kuipanga, sizingatheke kuti onse awiri akhale aakulu kuposa square root yake, chifukwa yankho lingapyole nambalayo. Mmodzi ayenera kukhala pansi pa malirewo kapena pa malire penipenipo. 316 × 316 = 99,856 ndipo 317 × 317 = 100,489, choncho malire athu ndi 316. Simukufunika kuyesa nambala 100,000. Simukufunikanso kuyesa zonse 316. Mungoyesa ma prime okha a pansi pa 316, ndipo alipo 65.

Lembani mndandanda wa ma prime amenewa musanayambe kugawa. Njira yake ndi ya Eratosthenes, mbadwa ya ku Cyrene m'dziko lomwe lero ndi Libya, yemwe ankayang'anira laibulale ya ku Alexandria. Lembani nambala zonse kuyambira 1 mpaka 316, koma muzilembe zisanu ndi imodzi pa mzere uliwonse: 1 mpaka 6 pamwamba, 7 mpaka 12 pansi pake, choncho mpaka kumapeto. Mudzaona kuti mizere yotsika yoyambira pa 2, 4 ndi 6 ndi ya nambala za even zokhazokha, ndipo woyambira pa 3 ndi wa nambala zogawika ndi 3. Mizere inayi imeneyi ikhwatcheni yonse ndi pensulo, mungosiya 2 ndi 3 enieniwo. 1 mumukhwatchenso, iye si prime. M'mizere iwiri yotsalayo, khwatchani nambala zomwe 5 amalowamo kupatula 5 mwiniwake, kenako chimodzimodzi ndi 7, 11, 13 ndi 17. Pa 17 imani, pakuti 19 × 19 ndi 361, yomwe yapyola kale 316. Zonse zotsala zosakhwatchidwa ndi ma prime. Pepala limeneli musalitaye, lidzakuthandizani pa nambala iliyonse yosapyola 100,000.

Onaninso chimene tebuloli lakuonetsani: prime aliyense woposa 3 amakhala moyandikana ndi nambala yogawika ndi 6, kaya kumbuyo kwake kaya kutsogolo kwake. 17 ndi 19 azungulira 18, 29 ndi 31 azungulira 30.

Tsopano gawani. 17 atsala 5. 19 atsala 17. 23 atsala 6. Pa kalikuleta chotsala chimaoneka ngati madijiti a kuseri kwa kadontho, ndipo apa mpofunika kusamala. Mukafika pa 67 kalikuleta ikupatsani 1,493.0298 ndi madijiti ena. Kalikuleta ya m'sitolo yomwe inakonzedwa kuti izingoonetsa nambala zathunthu ikuonetsani 1,493 ngati kuti 67 walowa. Sanalowe. 67 × 1,493 ndi 100,031, patsala 2. Nthawi zonse yankho likaoneka ngati lathunthu, chulukitsani mobwerera muone ngati mufika pa nambala yanu yeniyeni.

Ndimaonerera ana anga akamafika pa 97. Amakhala atayesa ma prime onse 25 a pansi pa 100, zala zatopa, ndipo mmodzi amaika pensulo pansi n'kunena kuti, "Aphunzitsi, iyi ndi prime basi." Anzake amavomera ndi mitu. Ine ndimangoloza pa bolodi pomwe tinalemba 316 n'kuwafunsa ngati tafikapo. Amadandaula, koma amapitiriza. 101, 103, 107, 109, 113, palibe. 127, 131, 137, 139, 149, palibe. Chipinda chimakhala zii, kumangomveka mabatani a kalikuleta ndi mahutala a minibasi kumsewu. 151, 157, 163. Kenako wina amadzuka pa benchi atanyamula foni m'mwamba, pagalasi pali 599 wopanda kadontho. Prime wa nambala 39 pa mndandanda, 167, walowa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

167 × 599 = 100,033. Tsimikizani pamanja: 167 × 600 ndi 100,200, kuchotsapo 167 mmodzi kutsala 100,033.

Osaiwala kuyesanso 599. Malire ake ndi 24, chifukwa 25 × 25 ndi 625. 7 atsala 4, 11 atsala 5, 13 atsala 1, 17 atsala 4, 19 atsala 10, 23 atsala 1. Ndi prime. Tsono:

800,264 = 2 × 2 × 2 × 167 × 599

Kulekera panjira sikuchitikira ana asukulu okha. Pierre de Fermat, katswiri wa ku France wa zaka za m'ma 1600, ankakhulupirira kuti 4,294,967,297 ndi prime. Mu 1732 Leonhard Euler anaonetsa kuti ndi 641 × 6,700,417. Factor woyamba anali 641 chabe, nambala yoti mwana wa Fomu 1 angagawe nayo pa pepala. N'chifukwa chake sindilola kuti munthu alembe mawu oti prime pambali pa nambala asanafike pa square root yake.

Fermat yemweyo anatisiyira njira ina yophwanyira nambala za odd, yomwe ndi bwino kuidziwa ngakhale pano sikutithandiza kwenikweni. Mumafufuza sikweya (yankho la nambala yochulukitsidwa ndi iyo yomwe, monga 25 = 5 × 5) yoposa nambala yanu, yoti mukachotsapo nambalayo patsale sikweya inanso. Tengani 2,021. Sikweya yoyamba pamwamba pake ndi 45 × 45 = 2,025, kusiyana kwake ndi 4, yemwe ndi 2 × 2. Pamenepo ma factor ndi 45 − 2 ndi 45 + 2, kutanthauza 43 × 47. Mwamaliza pa kuyesa kumodzi. Pa 100,033 mukanayambira pa 317 n'kukwera mpaka 383, pomwe 146,689 − 100,033 = 46,656, yomwe ndi 216 × 216. Zoonadi 383 − 216 ndi 167, ndipo 383 + 216 ndi 599. Ulendowo ndi wautali kuposa wa ma prime uja. Njira ya Fermat imapindula pamene ma factor awiriwo ali oyandikana, choncho ine ndimaiyesa kanayi kapena kasanu pachiyambi, ikakana ndimabwerera ku mndandanda wa ma prime.

Ma factor onse ndi kuphatikiza kwake

Kuti mudziwe kuchuluka kwa ma factor, onani kuti prime aliyense akupezeka kangati, onjezerani 1, n'kuchulukitsa mayankhowo. 2 alimo katatu, ndiye 4. 167 alimo kamodzi, ndiye 2. 599 kamodzi, ndiye 2. 4 × 2 × 2 = 16. Chifukwa chake n'chosavuta: popanga factor mutha kutenga 2 kamodzi, kawiri, katatu kapena osamutenga, zomwe ndi njira zinayi, pamene 167 mutha kumutenga kapena kumusiya, chimodzimodzinso 599.

Alembeni awiriawiri kuti pasasowe ndi mmodzi yemwe:

1 × 800,264
2 × 400,132
4 × 200,066
8 × 100,033
167 × 4,792
334 × 2,396
599 × 1,336
668 × 1,198

Taonani mpata umene uli pakati pa 8 ndi 167. Mutati muwagawe anthu onse a mu Blantyre a chaka chimenecho m'magulu ofanana ndendende, mukanatha kupanga magulu 2, 4 kapena 8, koma kuchoka apo palibenso mpaka magulu 167 a anthu 4,792 lililonse. Mutati muwandandike m'mizere yofanana, maimidwe oyandikira kwambiri ku sikweya ndi mizere 668 ya anthu 1,198.

Kuphatikiza ma factor onse kulinso ndi njira yachidule. Pa prime aliyense phatikizani 1 ndi mphamvu zake zonse zimene zilimo: 1 + 2 + 4 + 8 = 15, kenako 1 + 167 = 168, kenako 1 + 599 = 600. Chulukitsani: 15 × 168 × 600 = 1,512,000. Yankho limeneli limandisangalatsa nthawi zonse ndikalilemba pa bolodi. Nambala yokhakhala chonchija yatulutsa nambala yosalala ya maziro atatu, ndipo gwero lake tinaliona kale pa tebulo la mizere isanu ndi umodzi: 167 ndi 599 onse ali kumbuyo kwenikweni kwa nambala zogawika bwino, 168 ndi 600.

Chotsanipo nambala yeniyeniyo: 1,512,000 − 800,264 = 711,736. Ngati simukukhulupirira, phatikizani ma factor 15 aja pamanja, mupeza chomwecho.

Apa ndi pamene timapezera gulu loyamba. Nicomachus wa ku Gerasa, cha m'ma 100 Yesu atabadwa, anagawa nambala m'magulu atatu poyerekeza nambala ndi zotsatira za kuphatikiza ma factor ake ena onse. Zotsatirazo zikachepa, nambalayo ndi yoperewera, deficient. Zikapyola, ndi yosefukira, abundant. Zikafanana ndendende, ndi perfect. 711,736 ndi yochepa kwa 800,264, choncho yathuyi ndi deficient.

Ana ambiri amayembekezera kuti nambala yomwe 8 amalowamo ikhala abundant, ndipo maganizowo si opusa. 56, yemwe ndi 8 × 7, ndi abundant: 1 + 2 + 4 + 7 + 8 + 14 + 28 = 64. Chimene chasiyanitsa ndi kukula kwa ma prime enawo. Kuti nambala ikhale abundant, ma factor ake onse pamodzi ndi iyo yomwe ayenera kupyola nambalayo kuwirikiza kawiri. 8 payekha amafikitsa pa 15 ÷ 8, yomwe ndi 1.875. Prime wamng'ono ngati 7 amachulukitsa zimenezi ndi 8 ÷ 7, n'kudutsa 2. Koma 167 amangochulukitsa ndi 168 ÷ 167, ndipo 599 ndi 600 ÷ 599, tinthu tochepetsetsa. Zonse pamodzi zikungofika pa 1.889. Mukazolowera kuganiza chonchi mudzatha kunena gulu la nambala musanaphatikize chilichonse: ma prime ang'onoang'ono ambiri amasefukiritsa, akuluakulu amapereweretsa. N'chifukwa chakenso nambala za odd zimavuta kukhala abundant. Yoyamba ya even ndi 12, koma yoyamba ya odd ndi 945.

Za perfect musavutike kuzisaka, ndi zosowa kwambiri: 6, 28, 496, 8,128, kenako kulumpha mpaka 33,550,336. Pakati pa ziwiri zomalizazi palibe ina, choncho nambala iliyonse ya madijiti 5, 6 kapena 7 si perfect.

Sikweya, makona atatu ndi zina zofulumira

Kodi 800,264 ndi sikweya? Mu sikweya prime aliyense amapezeka kawiri, kanayi, kasanu ndi kamodzi, nthawi zonse awiriawiri. Kwa ife 2 alimo katatu, 167 kamodzi. Ayi. Mukanadziwanso musanaiphwanye: sikweya simathera ndi 2, 3, 7 kapena 8, ndipo mukaphatikiza madijiti ake mobwerezabwereza mpaka patsale imodzi mumapeza 1, 4, 7 kapena 9. Yathu yadutsa mayeso oyamba poti ikuthera ndi 4, koma 20 uja akupereka 2 + 0 = 2, ndiye yagwa. Ili pakati pa 894 × 894 = 799,236 ndi 895 × 895 = 801,025.

Nambala za makona atatu ndi zomwe mumapeza pophatikiza 1 + 2 + 3 n'kumapitirira: 1, 3, 6, 10, 15, 21. Kuyesa kwake, chulukitsani nambala yanu ndi 8, onjezerani 1, muone ngati yankho ndi sikweya. 800,264 × 8 + 1 = 6,402,113, yothera ndi 3, choncho si sikweya, ndipo nambala yathu si ya makona atatu. Kuti muone njirayi ikuvomera, tengani 1891, chaka chomwe anamaliza kumanga tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission motsogozedwa ndi David Clement Scott. 1,891 × 8 + 1 = 15,129, yomwe ndi 123 × 123. Chotsani 1 pa 123, gawani ndi 2, mupeza 61. Ndiye 1 + 2 + 3 mpaka 61 ndi 1,891.

Pali gulu lina lotchedwa Harshad, lomwe analitchukitsa D. R. Kaprekar, mphunzitsi wa pasukulu ku India. Nambala imalowa m'gululi ngati igawika ndi zotsatira za kuphatikiza madijiti ake. 20 salowa mu 800,264 chifukwa sikuthera ndi 0. Zatha.

Funso lokoma kuposa awa ndi lakuti kodi nambalayi ingalembedwe ngati masikweya awiri ophatikiza, monga 25 = 9 + 16. Munthu angathe tsiku lonse akuyesa, koma ma prime aja akuyankha pomwepo. Gawani prime aliyense wa odd ndi 4. Amene atsala 3 ayenera kupezeka awiriawiri, apo ayi sizitheka. 167 ÷ 4 atsala 3, ndipo alimo kamodzi kokha. 599 nayenso atsala 3. Choncho palibe masikweya awiri amene angapange 800,264, ngakhale mutafufuza chaka chathunthu. Nanga atatu? Tengani sikweya yapafupi ya pansi pake ija, 799,236. Kusiyana kwake ndi nambala yathu ndi 1,028, ndipo 1,028 ndi 1,024 + 4. Ndiye:

800,264 = 894 × 894 + 32 × 32 + 2 × 2

Pano mwayi watigwera pa kuyesa koyamba. Sikweya yapafupi ikakana, tsikirani ku yotsatira. Joseph-Louis Lagrange anatsimikiza mu 1770 kuti masikweya anayi amakwanira nambala iliyonse, choncho simudzafunika asanu.

Ma factor a odd amakuuzaninso njira zolembera nambala ngati mndandanda wa nambala zotsatizana. Athu a odd oposa 1 ndi atatu, 167, 599 ndi 100,033, choncho njira zilipo zitatu. Yaifupi ndi ya nambala 16, kuyambira 50,009 mpaka 50,024. Phatikizani yoyamba ndi yomaliza mupeza 100,033, ndipo magulu otere a ziwiriziwiri alipo 8. Ina ndi ya nambala 167 zozungulira 4,792, kuyambira 4,709 mpaka 4,875. Yachitatu ndi ya nambala 599, kuyambira 1,037 mpaka 1,635.

Mukafuna kudziwa kuti ndi nambala zingati za pansi pa 800,264 zomwe sizigawana nayo factor aliyense kupatula 1, chotsani 1 pa prime aliyense n'kuchulukitsa, koma poti 2 alimo katatu, 1 wotsala pa iye mumuchulukitse ndi 2 × 2, kupeza 4: 4 × 166 × 598 = 397,072. Kawerengedwe aka ndi ka Euler, ndipo si kongosewera nako. Ndi komwe kali pansi pa njira yobisira uthenga ya RSA, yomwe Rivest, Shamir ndi Adleman anaitulutsa mu 1977. Iwo anadalira chinthu chomwe mwangochimva m'zala zanu: kuchulukitsa 167 ndi 599 ndi ntchito ya kamphindi, koma kuyambira pa 100,033 n'kuwapeza awiriwo ndi thukuta. Ma prime akakhala a madijiti mazanamazana, ngakhale makompyuta amphamvu amalephera kubwerera m'mbuyo, ndipo chitetezo cha zambiri za pa intaneti chatsamira pamenepo.

Mmene kompyuta imailembera

Kompyuta imalemba ndi 0 ndi 1 basi. Kuti musinthe nambala yanu, lembani 1, 2, 4, 8, 16 n'kumawirikiza kawiri mpaka mufike pa yaikulu kwambiri yosapyola nambalayo. Kwa ife ndi 524,288. Chotsani, patsala 275,976. Chotsani 262,144, patsala 13,832. Kenako 8,192, patsala 5,640. Kenako 4,096, patsala 1,544. Kenako 1,024, patsala 520. Kenako 512, patsala 8. Chotsani 8, patsala 0. Lembani 1 pamalo ponse pamene mwachotsa ndi 0 pomwe mwalumpha, kuyambira ku yaikulu:

11000011011000001000

Madijiti ndi 20. Maziro atatu a kumapetowo ndi chizindikiro chimodzi chakuti mwalondola, chifukwa akuimira 2 uja amene analowa katatu. Mukapeza maziro awiri kapena anayi kumapeto, bwererani, penapake pachotseredwa molakwika.

Kalembera yemweyo anapeza kuti dziko lonse la Malawi linali ndi anthu 17,563,749, ndipo iyi ndi yoti muyesere nokha. Ndikuyambitsani. Ndi ya odd. Madijiti ake akupanga 42, choncho 3 alowa koma 9 salowa. Iduleni patatu: 17, 563 ndi 749. Kuchokera kumapeto, 749 − 563 + 17 = 203, yomwe ndi 7 × 29, choncho 7 alowa, 11 ndi 13 salowa. Gawani ndi 3 mupeza 5,854,583, gawaninso ndi 7 mupeza 836,369. Pa imeneyi 836 − 369 ndi 467, ndipo 7 salowanso kachiwiri. 914 × 914 ndi 835,396 pamene 915 × 915 ndi 837,225, choncho malire anu ndi 914. Talikitsani tebulo lanu la mizere isanu ndi umodzi mpaka pamenepo, mukhwatche mpaka pa 29 popeza 31 × 31 ndi 961, ndipo mupeza ma prime 156. Asanu ndi mmodzi oyambirira tawayesa kale, inu muyambire pa 17.